Maina Awiri pa Fomu ya Kagalu

Rahima anali pamzere wolipirira m'sitolo ina ku Seven Corners, nkhuku ya halaal ndi thumba la mpunga zili m'manja, pamene foni yake inalira. Nambalayo sanaidziwe. Atayankha anamva mawu odekha a mzungu wachikulire, ndipo anawazindikira mawuwo asanakumbukire n'komwe dzina la munthuyo.

Anali a Gwendoline, mayi woweta agalu pafamu ina kupitirira Leesburg. Anati Daisy, galu wawo wamkazi, anaswa ana asanu ndi awiri mwezi wa Malichi, onse amoyo, ndipo tsopano akwanitsa masabata asanu ndi awiri. Maina a Rahima ndi Michael anali achiwiri pamndandanda wa odikira. Loweruka likubwerali afike onse awiri adzaone tiagaluto.

Rahima anayenera kunena zoona pompo, kuti iye ndi Michael anasiyana miyezi isanu ndi iwiri yapitayo. M'malo mwake anangoti zikomo, tidzafika. Mayi amene anali kumbuyo kwake pamzere anachita kumugwira paphewa kuti asendere kutsogolo.

*

Michael anali wa ku Zambia, wobadwira ku Chipata koma wokulira mu Lusaka. Anali ndi kanyumba kake ku College Park, kabwalo kuseri kotchingidwa ndi mpanda wamatabwa. Anakhala pachibwenzi zaka ziwiri, ndipo m'zaka zonsezo chimene Michael sankasiya kunena chinali galu. Kwawo anakula nawo agalu. Rahima, mwana wa ku Machinga wa m'banja lachisilamu, ankadziwa galu wa panja, wolondera mbuzi, amene sayandikira khomo. Kuwonjezera apo, akangokhala pafupi ndi mphaka kapena galu ankayetsemula mpaka maso kufiira.

Munthu wina akanangosiya nkhaniyo. Michael anatha masabata akuwerenga, mpaka anapeza mtundu umene amautcha goldendoodle, bambo ake poodle, mayi ake golden retriever, umene ambiri mwa ana ake sathothoka ubweya kwambiri. Pa intaneti panali ogulitsa ambirimbiri olonjeza kagalu mawa lomwe, kukumana pamalo oimika magalimoto. Michael anawakana onse. Ankati munthu amene sakufuna kuti uone mayi wa kagaluko ali ndi chimene akubisa.

Mwezi wa Meyi chaka chatha anapita awiriwo kwa a Gwendoline. Mayiwa anawafunsa mafunso kwa maola awiri ngati akupereka mwana wawo ku banja. Anawaonetsa mapepala a dokotala wa ziweto osonyeza kuti agalu onse awiri, wamkazi ndi wamphongo, anawayeza mafupa a m'chiuno, zigongono, maso ndi mtima. Anawauzanso mosabisa kuti palibe galu amene angalonjeze kuti sadzayetsemulitsa munthu, ndipo amene akulonjeza zimenezo ndi wabodza. Kenako anatenga malaya akale, anawapukutira pa galu wamkulu wobadwa kwa makolo omwewo, n'kumupatsa Rahima kuti akawaike pafupi ndi pilo kwa sabata yathunthu.

Sanayetsemule ngakhale kamodzi. Tsiku limene anamuuza Michael, mnyamatayo anavina m'khitchini supuni ili m'manja. Anasaina fomu onse awiri, dzina la Rahima pamwamba.

Mu Seputembala amalume ake a Rahima, a Mikidadi, anamuitanitsa ku Falls Church. Awa ndi amene anamulandira pabwalo la ndege zaka zisanu ndi zinayi zapitazo n'kumusunga m'nyumba mwawo mpaka atamaliza sukulu. Sanakalipe. Anaimika foni patebulo, mayi ake a Rahima akuoneka pagalasi ali ku Machinga, akupukuta misozi ndi nsonga ya mpango. Amalume anati palibe shehe amene angamange ukwati wa nikaha wa mwana wamkazi wachisilamu ndi mwamuna wachikhristu. Anatinso amva za galu, ndipo anamufunsa kuti adzaswali pati m'nyumba yoti galu akunyambita paliponse.

Rahima anabwerera kunyumba kwake ku Fairfax n'kulemba uthenga wa mizere inayi. Anati sizingatheke, amukhululukire, asamufunefune. Michael anaimba kakhumi ndi kamodzi masiku atatu otsatira. Rahima ankayang'ana foni ikuwala patebulo mpaka itazima yokha. Pambuyo pake sinalirenso.

*

Atachoka m'sitolo muja anakhala m'galimoto nthawi yaitali asanalize injini. Analemba, kufufuta, kulembanso. Pamapeto pake anatumiza mawu ochepa: "A Gwendoline andiimbira. Daisy waswa."

Yankho linabwera madzulo, akuchotsa mbale patebulo.

"Naine ananitumira foni. Nizapita pa Saturday. Ngati mufuna kubwera, bwerani."

Rahima anawerenga uthengawo kangapo. Chimene chinamupweteka chinali "mufuna" ndi "bwerani". Zaka ziwiri zathunthu anali "iwe" kwa Michael, nthawi zina "ka Rahi". Tsopano anamupatsa ulemu umene munthu amapereka kwa mlendo wa muofesi.

Analemba kuti, "Uli bwanji?" Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu. Yankho silinabwere.

*

Loweruka kunacha bwino, mitengo ya m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Leesburg ili mbuu ndi maluwa. Rahima anasintha mpango katatu asanatuluke m'nyumba, ndipo anafika pafamupo mphindi makumi awiri nthawi isanakwane. Anaimika galimoto pansi pa mtengo n'kumadikira.

Galimoto ya Michael italowa pageti, anaona kuti kutsogolo kuli anthu awiri.

Anamudziwa mkaziyo. Anali Marjorie, wa ku Lusaka nayenso, amene ankakumana naye m'maphwando a Amalawi ndi Azambia, uja ankakonda kuseka nthabwala za Michael mokweza kuposa wina aliyense. Anatsika atavala nsapato zoyera zosayenera matope a pafamu, n'kugwira mkono wa Michael asanatseke n'komwe chitseko.

Michael anali atawonda pang'ono. Anapereka moni mwaulemu, maso ali pambali. Marjorie ndiye anamukumbatira Rahima, n'kunena kuti sankadziwa kuti iyenso abwera, koma ndi bwino, munthu umafunika kumaliza zimene unayamba. Akuyenda kupita kukhomo anayamba kudandaula za ulendo. Anati iye anapeza tiagalu tomweti pa intaneti, tokongola, munthu wake akanawabweretsera mpaka ku College Park Lachitatu, popanda mafunso onsewa. Michael anangoti si mmene iye amafunira.

A Gwendoline anawachingamira pakhonde, tsitsi loyera atalimanga kumbuyo. Anayang'ana anthu atatuwo mmodzimmodzi, osafunsa kanthu. Anawauza avule nsapato ndi kusamba m'manja, chifukwa tiagaluto tinali titangolandira katemera woyamba.

*

Tiagaluto sitinali m'khola kuseri. Tinali m'chipinda choyandikana ndi khitchini, momwe timamva mapoto akugundana ndi wailesi ikulankhula. Kalikonse kanali ndi riboni ya mtundu wake m'khosi. Daisy anadzuka pamphasa yake n'kubwera kudzanunkhiza alendo. Atafika kwa Marjorie, mtsikanayo anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma, akuseka kuti abise mantha. Atafika kwa Rahima, anagwedeza mchira mpaka thupi lonse kugwedezeka. Rahima anagwada n'kumusisita kuseri kwa khutu, akupewa lilime lake monga ankachitira kale.

A Gwendoline anakumbutsa kuti kwa iwo munthu saloza yekha kagalu kamene kamusangalatsa maonekedwe. Iwo akhala nato masabata asanu ndi awiri, akudziwa kamene kali kaukali, kamantha, kaphokoso. Anatola kamphongo ka riboni yobiriwira, kaubweya wopotana wofiirira, n'kukaika m'manja mwa Rahima. Anati aka anakasankhira iwo chifukwa n'kofatsa, sikalumphira anthu, sikakonda kunyambita, ndipo kamaphunzira msanga malire. Anali akukumbukira zimene Michael analemba pafomu, kuti m'nyumbamo mudzakhala chipinda chopempherera chimene galu sayenera kulowamo.

Rahima sankadziwa kuti Michael analemba zimenezo. Anatembenuka kumuyang'ana, koma iye anali atawerama akusewera ndi kena.

Anakhala patebulo la m'khitchini. A Gwendoline anatulutsa fomu ija, inki ya chaka chatha ili momwemo, n'kufotokozanso zoti ubweya wa galu wotere umafuna kupesa pafupifupi tsiku lililonse ndi kumeta pakatha masabata asanu ndi limodzi, apo ayi umamangana mpaka kumupweteka khungu. Anati galu wotere amakhala zaka khumi ndi ziwiri kapena kupitirira, ndipo akalephera kumusunga sayenera kumupereka kwa wina aliyense, abwerere kwa iwo. Kenako anavula magalasi.

"Ndili ndi funso limodzi. Galuyu akakhala ndi ndani?"

Michael anati akakhala ndi iye. Anafunsidwa za masiku amene amapita kunja kwa dziko ndi ntchito, poti pafomu analemba kuti amachoka sabata ziwiri pakatha miyezi iwiri iliyonse. Asanayankhe, Marjorie analowerera kuti iye azidzamusunga, si nkhani yovuta.

A Gwendoline anamuyang'ana mokoma mtima. Anati aona mmene anachitira Daisy atamuyandikira, ndipo palibe cholakwa kuopa galu, koma kagalu kamamva mantha a munthu. Kenako anatembenukira kwa Rahima.

"Ine ndinavomereza banja la anthu awiri amene ali papepalali. Kodi banjalo likadalipo?"

M'khitchinimo munangomveka kulira kwa tiagalu kuseri kwa chitseko. Kagalu ka riboni yobiriwira kanali katagona pamiyendo ya Rahima, kamutu kali m'chikhatho chake.

"Kulibe," anatero Rahima. "Ndine ndinalithetsa. Ndinayenera kukuuzani pafoni paja."

A Gwendoline anagwedeza mutu. Sanaoneke odabwa. Anati tiagalu timachoka pakhomo pawo tikakwanitsa masabata asanu ndi atatu, ndiye kuti Loweruka lotsatira. Pofika tsikulo akufuna amve yankho limodzi loona, kuti galuyo adzagona kuti ndipo adzamusamala ndani Michael akachoka. Likapanda kupezeka, kuli banja lina ku Fairfax limene ladikira miyezi khumi. Anati sakuweruza munthu, koma sangatumize mwana wa Daisy m'nyumba imene eni ake sakudziwa kuti mukhala ndani.

Kenako anapempha Marjorie kuti awathandize kuthira tiyi. Anali mayi wodziwa zimene akuchita.

*

Michael anatuluka panja. Rahima anamutsatira, kagalu kali pachifuwa, chifukwa palibe amene anamuuza kuti akasiye. Anaima pampanda moyang'anizana ndi dambo momwe munkadya akavalo awiri.

Rahima anali atakonzekera mawu ambiri panjira, koma onse anamuthawa. Anangopepesa chifukwa cha uthenga uja. Anati munthu amene wakhala naye zaka ziwiri sumusiya ndi mizere inayi, ndipo wakhala akudziwa zimenezo tsiku lililonse kuyambira pamenepo.

Michael anakanda utoto wa pampanda ndi chala.

"Sinakwiye kuti munasankha banja yanu," anatero. "Amene aja ni amai anu. Chamene chinanibaba n'chakuti simunanifunseko. Munakamba na amalume, munakamba na amai, munakamba na Mulungu. Ine cabe nine munasiya."

Rahima anati ankaopa kuti akamva mawu ake alephera kuchita zimene analonjeza kwa amalume.

"Ndiye munadziba kuti nili na vokamba."

Michael anamuuza zimene Rahima sankazidziwa. Mu Okutobala, foni itakanika, anapita yekha kumzikiti wina kukakumana ndi shehe. Anapita kawiri. Sanapite kukanama kuti walowa Chisilamu, chifukwa sangasewere ndi chikhulupiriro cha munthu kapena chake chomwe. Anapita kukafunsa, kuti amvetse chimene akulimbana nacho. Shehe anamulandira bwino, anamupatsa tiyi ndi mabuku awiri, n'kumuuza mosabisa kuti njira yake si yapafupi. Mabukuwo anawerenga onse. Ankafuna kudzamuuza Rahima zimene akuganiza, koma analibe poyambira.

Rahima anafunsa chifukwa chimene sanachotsere dzina lake pamndandanda wa a Gwendoline.

Michael anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. Anati analemba kalata yochotsa dzinalo katatu, osaitumiza. Anatinso kageti kamatabwa kamene anakhoma pamasitepe a kunyumba kwake mu Ogasiti, kuti galu asamakwere kuchipinda chopempherera, kakadali pomwepo. Amakatsegula ndi kukatseka tsiku lililonse, m'nyumba yopanda galu.

Misozi inatsika, ndipo Rahima analibe dzanja lopukutira chifukwa manja onse awiri anali atanyamula kagalu. Michael anatulutsa mpango m'thumba, anazengereza, kenako anamupukuta yekha tsaya limodzi. Anabweza dzanja msanga.

"Nanga Marjorie?" anafunsa Rahima.

Michael anayang'ana kunyumba kuja. Anati Marjorie ndi amene ankamubweretsera chakudya mu Disembala atadwala chimfine choopsa, ali yekhayekha. Anati sanamulonjeze chilichonse, koma sangayerekeze kuti palibe kanthu. Mlongo wa Michael wa ku Lusaka amamudziwa kale Marjorie, ndipo amalankhulana pafoni.

"Analipo pamene iwe kunalibe, Rahi."

Dzina lakale lija linatuluka lokha, ndipo onse awiri analimva. Rahima anazindikira kuti miyezi isanu ndi iwiri imene iye ankaiona ngati nthawi yongodikira, kwa Michael inali moyo umene unapitirira. Akanayankha foni imodzi mwa khumi ndi imodzi zija, mwina akanapita limodzi kwa shehe. Mwina amalume akanakana chimodzimodzi, koma akanakana atamuona munthuyo m'maso.

Michael anati sakumupempha kuti asankhe pakati pa iye ndi mayi ake. Akungofuna kuti ulendo uno, chilichonse chimene aganize pofika Loweruka, amuuze pamaso.

Rahima anavomera. Anabweza kagalu kwa a Gwendoline, ndipo kanalira pang'ono pochoka m'manja mwake. Marjorie anamutsanzika ndi kumwetulira kwakukulu, akumuuza kuti ayende bwino pamsewu.

*

Anayendetsa mphindi makumi awiri foni ili m'chikwama pampando wakumbuyo. Ankaimva ikunjenjemera, koma anaganiza kuti ndi mauthenga wamba a Loweruka. Atafika ku Leesburg anapatukira pamalo omwetsera mafuta, ndipo ndi pamene anaitulutsa.

Panali mauthenga makumi anayi ndi atatu. Ambiri anali a m'gulu la WhatsApp la Amalawi ndi Azambia a m'dera lonselo, gulu la anthu oposa mazana awiri, momwe muli abusa, mashehe, azakhali ndi aliyense. Pamwamba pa zonse panali chithunzi chojambulidwa kudzera pawindo la khitchini. Iye anali ataima pampanda, mpango kumutu, kagalu pachifuwa, dzanja la Michael lili patsaya lake. Amene anachitumiza anali Marjorie, ndipo pansi pake analemba kuti: "Tiyeni tiwafunire zabwino makolo atsopano."

Ena anali atayankha ndi timitima. Ena anafunsa ngati ukwati unachitika mobisa. Mayi wina wa kumzikiti anangolemba kuti Astaghfirullah, mawu opempha chikhululuko kwa Mulungu.

Asanamalize kuwerenga, foni inalira. Anali amalume a Mikidadi. Ulendo uno Rahima sanaisiye kuti izime yokha.

Anapereka salamu, amalume anayankha, mawu awo ali otsika kuposa masiku onse.

"Uli kuti?"

"Ndili panjira, amalume. Ndikubwerera kunyumba."

"Usapite kwako. Ubwere kuno. Chithunzi chija chafika kale ku Machinga, mayi ako andiimbira kawiri. Ine ndinawauza kuti nkhaniyi inatha mu Seputembala, ndipo ndinawauza choncho chifukwa ndiwe unandiuza. Ubwere udzandiuze ngati ndinawanamiza."

Rahima anayesa kufotokoza kuti si mmene zikuonekera, koma amalume anati afotokoza akafika, ndipo anadula.

Anakhala atagwira chiwongolero, fungo la kagalu likadali pamalaya. Foni inawalanso. Uthenga unali wa Michael.

"Naona vamene Marjorie wachita. Sungapite weka. Nibwera naiwe kwa amalume, nikakambe nao neka. Nili kumbuyo kwako."

Rahima anakweza maso kuyang'ana pagalasi. Galimoto ya Michael inali ikukhota kulowa pamalopo, nyali yokhotera ikuphethira. Pampando wakutsogolo, pambali pake, Marjorie anali atakhala chomwecho, manja atapinda pachifuwa.